Moto, Mwera ndi Nthambo: Mbiri ya Magetsi ku Karonga

Moto ndi wakale ku Karonga kuposa mafumu, kuposa ng'ombe, kuposanso nthochi zimene lero zaphimba midzi ya ku Kaporo ndi ku Iponga. Akatswiri ofukula zakale anakumba m'zitunda zamiyala zozungulira tawuni ya Karonga, nafananitsa zimene anapeza ndi makala osanjikizana m'matope a pansi pa nyanja, ndipo mu 2021 anaulutsa zotsatira zake. Zaka pafupifupi 85,000 zapitazo anthu a kuno anali atayamba kale kutentha tchire mwadala, moti nkhalango yowirira imene inkayenera kumeranso mvula itabwerera sinamerenso monga kale. Mphamvu yoyamba imene munthu wa m'chigwa chino anaigwira m'manja inali imeneyi, ndipo ubwino wake unali woti ankaiyatsa pamene wafunira. Zina zonse, mvula, mphepo, dzuwa ndi madzi a m'nyanja, zinkabwera ndi kupita pa nthawi yake, osafunsa munthu.

Mbiri yapakamwa ya Angonde imati Kyungu woyamba, Syora, anachokera kumapiri a ku Ukinga, kumpoto chakum'mawa kwa nyanja, ndipo atazungulira ulendo wautali anafika pa phiri la Mbande cha m'ma 1600. Pamenepo anapeza Simbobwe, amene ankachita malonda a minyanga ya njovu, namulanda malowo. A Kyungu amene anatsatira ankakhala mobindikira pa Mbande, osaonekera wamba, dziko likuyendetsedwa ndi makambala awo. Anthu ankakhulupirira kuti mvula, zokolola ndi kuswana kwa ng'ombe zimayendera limodzi ndi thanzi la Kyungu. Tingaziweruze mmene tingafunire lero, koma chikuoneka poyera n'chakuti ufumu wonse unamangidwa pa nkhawa imodzi: chinthu chimene moyo ukudalira sichibwera mofanana chaka ndi chaka. Pakhomo napo anali ndi mayankho awo. Nthochi zimabereka mwezi uliwonse, mawere amasungika zaka, ng'ombe ndi chuma choyenda chokha, ndipo chinangwa chitafika chinapatsa anthu chakudya chodikira m'nthaka mpaka tsiku la njala. Moto wa m'khola unkafuka usiku wonse kuthamangitsa udzudzu ndi ntchentche. Kwa abale awo Anyakyusa, tsidya la Songwe, mbadwo watsopano ukamalandira ulamuliro moto wonse wakale unkazimitsidwa, n'kupekesa wina watsopano umene nyumba iliyonse inkapalako.

Panyanja mwini nkhani anali mphepo. Msodzi wa ku Ngara kapena ku Chilumba amadziwa kuti kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mwera ukhoza kuwomba masiku angapo osapuma, bwato lili pamtunda, ndipo kuti mpoto umabwera ndi mitambo ya dzinja. Amalonda a Chiswahili atafika ndi zombo zawo zamatanga m'zaka za m'ma 1800, anagwiritsa ntchito mphepo yomweyo kuolotsa minyanga ndi akapolo. Chilumba, imene azungu ankaitcha Deep Bay, inali dooko lotchuka lowolokera kutsidya. Koma chombo chamatanga chimadikira: mphepo ikakana, ulendo wakana.

Sitima zamoto ndizo zinathetsa kudikirako. Ilala ya amishoni a ku Scotland inalowa m'nyanja mu Okutobala 1875, ndipo mu 1884 kampani ya African Lakes, imene anthu ankangoti Mandala, inatsegula sitolo ku Karonga, poyambira msewu wa Stevenson wopita ku nyanja ya Tanganyika. Nkhondo ya pakati pa azunguwo ndi Mlozi wa ku Mpata, mmodzi wa amalonda a Chiswahili aja, inayamba mu 1887, chaka chimene Angonde ambiri anafera m'bango la ku Kambwe anthu a Mlozi atawayatsira moto, ndipo inatha mu Disembala 1895 Mlozi atanyongedwa. Zipolopolo, asilikali ndi mfuti zazikulu zimene zinathetsa nkhondoyo zinabwera pa sitima, ndipo sitimazo zinkadya nkhuni. M'madooko monse munkakhala milu ya nkhuni zodulidwa kale, zoyalidwa bwino kudikira sitima, ndipo kudula ndi kusenza nkhunizo kunali ganyu wa anthu ambiri a m'mbali mwa nyanja. Woyendetsa sitima ankanyadira kuti sadalira mphepo, koma ankadalira nkhwangwa za anthu a m'midzi.

Waya woyamba kufika ku Karonga sunali wa magetsi ounikira. Unali wa lamya ya Cecil Rhodes, imene inakwera m'mbali mwa nyanja chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 pa ulendo wake wa ku Ujiji. Magetsi enieni anayakira pamwamba pa phiri, ku Khondowe, kumene Dr Robert Laws anasamutsira mishoni ya Livingstonia mu 1894. Pofika 1905 madzi a mtsinje wa Manchewe ankapukusa magetsi ounikira nyumba ndi kuyendetsa makina a pamishoni. Ana a ku Karonga amene ankakwera phirilo kukaphunzira anaona babu likuyaka kale kwambiri, koma akabwerera kwawo pa tchuti ankawerengera pa moto wa nkhuni, ndipo pambuyo pake pa koloboyi. Zinakhala choncho kwa mibadwo iwiri kapena itatu.

Pa zaka zimenezo nyanja inachita chinthu chimene aliyense wokonza za magetsi m'Malawi ayenera kumachikumbukira. Kuyambira cha mu 1915 mpaka 1935 madzi anatsika kwambiri moti analeka kutuluka kupita mu Shire. Pakamwa pa mtsinje panatsekeka ndi mchenga ndi bango, anthu n'kumalima pamene kale pankadutsa sitima. Kenako madzi anakweranso n'kuboola okha. Mphepo nayo inakumbutsa anthu ukali wake pa 30 Julaye 1946, pamene sitima yatsopano ya Vipya inamira ndi mwera pafupi ndi Chitimba, anthu 145 n'kutsikira kuli chete.

Dziko litalandira ufulu, Shire inakhala gwero la magetsi a dziko lonse, ndipo kunena zoona panalibe mtsinje wina wolingana nawo. Chotchinga madzi cha ku Liwonde chinamangidwa mu 1965, Nkula A inayamba kupukusa mamegawati 24 mu 1966, Tedzani inatsatira mu 1973 ndi 1977, Nkula B m'zaka za m'ma 1980, Kapichira mu 2000. Malo onsewa ali pa mtsinje umodzi, motsatizana, pa mtunda waufupi, ndipo palibe ngakhale amodzi amene ali ndi damu lalikulu losunga madzi a miyezi. Chosungira chawo ndi nyanja yeniyeniyo. Apa pali chinthu chimene anthu a kumwera saganizirapo kawirikawiri: madzi ambiri olowa m'nyanjayi amachokera kumpoto, mu Ruhuhu ndi Kiwira a ku Tanzania, mu Songwe, Lufilya ndi Rukuru. Ochuluka a iwo amauma ndi dzuwa ali panyanja pomwepo, otsalawo ndiwo amatsikira ku Mangochi. Mvula ya mu Malichi ndi Epulo imene imakokolola mpunga ku Karonga ndi yomweyo imene imakayatsa mababu ku Limbe. Kwa zaka zambiri madzi ankapita kumwera, koma nthambo zobweza magetsi kumpoto kunalibe.

Karonga ya m'zaka za m'ma 1970 inali ya parafini ndi dizilo. Masikimu a mpunga a Hara, Wovwe ndi Lufilya anakula pa nthawi imeneyi, madzi ake oyenda okha m'ngalande kuchokera kumapiri, ndipo mpunga wa Kilombero unatchuka dziko lonse. Zigayo zinkalira ndi injini za dizilo. Tawuni itapatsidwa magetsi, anali a majenereta a dizilo a ESCOM, oima paokha, osalumikizana ndi Nkula. Cha mu 1979 ndi 1980 nyanja inakwera kuposa mmene anthu amoyo ankakumbukirira, inalowa m'tawuni yakale, ndipo boma linayamba kusamutsira maofesi ndi msika kumtunda. Posakhalitsa nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji za ku Beira ndi Nacala. Mafuta a dziko anayamba kulowera kumpoto, kuchokera ku Dar es Salaam kudzera ku Mbeya ndi pa Songwe, ena n'kukwezedwa sitima pa Chilumba. Karonga inasanduka khomo la mafuta, komabe magetsi a dizilo anakhala odula, pakuti lita iliyonse inkagulidwa ndi ndalama zakunja.

Chaka cha 1995 chinasintha zinthu. Ndi thandizo la dziko la Germany, ESCOM inatsegula malo opukusira magetsi pa mtsinje wa Wovwe, umene umatsika kuchokera ku Nyika. Ndi malo aang'ono: makina atatu, onse pamodzi osapitirira mamegawati 4.5. Madzi ake si ambiri, mphamvu yake ili pa kutalika kwa phiri, chifukwa amapatutsidwa pamwamba n'kutsetsereka m'chipaipi mpaka kukamenya makina kunsi. Mpaka lero, pa malo onse opukusira magetsi ndi madzi amene kampani yopukusa magetsi ya EGENCO ili nawo, Wovwe yokha ndiyo ili kunja kwa Shire. Nthambo za makilovoti 66 zochokera ku Bwengu, zodzera ku Uliwa, zinamangiriza Karonga ku magetsi a dziko lonse, ndipo boma la kumapeto kwa dziko linakhalanso kumapeto kwa nthambo. Pamsewu, kuchokera ku Blantyre kufika ku Karonga ndi makilomita oposa 800.

Kukhala kumapeto kwa nthambo kuli ndi zowawa zake zimene wowotcherera zitsulo pa msika wa Karonga angazifotokoze bwino kuposa buku. Magetsi akayenda mtunda wautali amafika atafooka, makamaka madzulo aliyense akayatsa zake. Babu limayaka mofiira, mota ya chigayo imang'ung'udza n'kutentha, ndodo yowotcherera imangomata pachitsulo osagwira moto. Mtengo ukagwera nthambo ku Chiweta kapena mphezi ikamenya ku Bwengu, onse a kumpoto kwake ali mumdima, ngakhale kumwera kuli ngwee. Makina a ku Wovwe, ngakhale ndi aang'ono, amathandiza kuchirikiza mphamvuyo kuti isagwe kwambiri, chifukwa ali pafupi ndi owagwiritsa ntchito. Koma Wovwe ndi mtsinje: m'dzinja umadzaza, pofika Okutobala umachepa, ndipo madzi omwewo alimi a sikimu ya kunsi amawadikira.

Pali lamulo limodzi la magetsi a m'nthambo limene limalamulira nkhani yonse yotsatira. Magetsi opukusidwa ayenera kufanana ndi ogwiritsidwa ntchito pa kamphindi kalikonse, chifukwa nthambo sizisunga kanthu. Makina onse olumikizidwa, a ku Nkula, Tedzani, Kapichira ndi Wovwe, amazungulira pa kagundidwe kamodzi, ka 50 pa sekondi iliyonse. Zili ngati amayi atatu osinja mpunga mu mtondo umodzi: misi iyenera kutsatana, ndipo mmodzi akaphonya, misi imawombana. Anthu akayatsa zinthu zambiri kuposa zimene makina akupereka, makinawo amalemedwa n'kuyamba kuchedwa. Akachedwa kupyola malire, zotetezera zimawadula kuti asaonongeke, ndipo akaduka amodzi katundu amagwera otsalawo mpaka dziko lonse kuthima. Chimene chimapulumutsa zinthu pa masekondi oyamba ndi kulemera kwa zitsulo zozungulirazo, zimene siziima msanga, n'kupatsa mpata zipata za madzi kuti zitseguke. Maiko oyandikana nafe amabwerekana mphamvu pa nthawi yotere kudzera mu mgwirizano wa Southern African Power Pool umene unakhazikitsidwa mu 1995. Malawi inalowa nawo pa pepala, koma kwa zaka zambiri inalibe nthambo zazikulu zoilumikiza ndi anzake, choncho inkasenza yokha zonse.

Mu 2009, chaka chimene zivomezi za mu Disembala zinagwetsa nyumba zambiri ku Karonga, kampani ya Paladin ya ku Australia inatsegula mgodi wa yureniyamu ku Kayelekera, makilomita pafupifupi 50 kumadzulo kwa tawuni. Miyala yochokera kumeneko inkapita kukapanga magetsi m'maiko akutali, pamene mgodiwo unkayendera majenereta a dizilo, mathanki a mafuta akukwera mapiri usana ndi usiku. Mtengo wa yureniyamu utagwa pambuyo pa ngozi ya ku Fukushima ya mu 2011, mgodi unaima mu 2014. Malasha a ku Mwabulambo nawo ankakumbidwa n'kutumizidwa kwina, mpaka mgodiwo unasiyidwa mu 2015, maenje ali yasa. Boma lokhala ndi yureniyamu, malasha, mitsinje yotsika m'mapiri ndi dzuwa loswa mtengo linkaphikabe pa mafuwa. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 365,000 m'boma la Karonga, ndipo m'dziko lonse mabanja 11 okha pa 100 alionse ndiwo ankaunikira ndi magetsi a ESCOM. Oposa theka ankaunikira ndi matochi a mabatire.

Ng'amba ya 2015 ndi 2016 inavula dziko. Nyanja inatsika, Shire inachepa, matope ndi namasupuni zinatsamwitsa makina, ndipo chakumapeto kwa 2017 madera ena ankatha usana ndi usiku wathunthu osaona magetsi. Akangoyaka, ngakhale pakati pa usiku, ana ankakuwa m'makwalala kuti abwera, eni zigayo n'kudzuka kukagaya mpunga umene unaunjikana. Pa nthawi yomweyo malamulo anali akusintha. ESCOM inagawidwa, ndipo kuyambira Januwale 2017 kupukusa magetsi kunapita ku EGENCO, ESCOM n'kutsala ndi nthambo ndi kugulitsa. Khomo linatseguka kuti makampani ena azipanga magetsi n'kumagulitsa. Thandizo la dziko la America la madola 350 miliyoni, la pakati pa 2013 ndi 2018, linamanga nthambo za makilovoti 400 kuchokera ku Phombeya kufika ku Nkhoma, zina za makilovoti 132 kuchokera ku Chintheche kudzera ku Luwinga kufika ku Bwengu, komanso malo amakono oyang'anira kayendedwe ka magetsi a dziko lonse ku Blantyre. Zatsopanozo zinathera pa Bwengu. Pofuna kuzimitsa moto wa madandaulo, boma linabwereka majenereta a Aggreko a mamegawati 78, amene anamwa dizilo ndi ndalama kuyambira 2018 mpaka 2022.

Dzuwa linalowa m'nthambo za dziko mu 2021, pamene kampani ya JCM inatsegula munda wa masola wa mamegawati 60 ku Nanjoka, m'boma la Salima. Chaka chotsatira unabwera wa ku Golomoti, ku Dedza, wa mamegawati 20, ndipo mu 2023 wa ku Nkhotakota wa mamegawati 21. M'maiko aakulu mamegawati 100 ndi dontho. Kuno, kumene makina onse a madzi pamodzi amafika cha pa mamegawati 400 pa tsiku labwino, ndi gawo lalikulu ndithu. Ndipo nthawi yake inali yovuta: mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, amene sanabwerere mpaka 2023. Masola anapulumutsa anthu masana, izi palibe angatsutse. Koma makina amene anachokawo ndi ena mwa amene akanathandiza kugwiriziza kagundidwe ka magetsi dzuwa likamasinthasintha.

Vuto la dzuwa si kuchepa mphamvu, koma khalidwe lake. Sola ilibe chitsulo chozungulira. Imapereka magetsi kudzera mu inveta, imene imangotsatira kagundidwe kamene yapeza m'nthambo. Mtambo wakuda ukadutsa pamwamba pa Nanjoka mu Januwale, mamegawati makumi angapo akhoza kusowa m'mphindi zochepa, n'kubweranso mwadzidzidzi mtambo ukapita. Ogwira ntchito ku Blantyre ayenera kukhala ndi makina a madzi amene akuzungulira koma osatsegulidwa mokwanira, okonzeka kukwera ndi kutsika motsatira mitambo ya ku Salima. Akachedwa, zotetezera zimadula madera ena kuti dziko lonse lisathime, ndipo mayi wogulitsa mafirizesi ku Uliwa amangoona firiji yazima kunja kuli dzuwa phwee, osadziwa kuti chayambitsa ndi mtambo umene uli makilomita mazana kumwera. Vuto lachiwiri limabwera tsiku lililonse mosaphonya. Magetsi amafunika kwambiri kuyambira cha m'ma 5 koloko madzulo mpaka cha m'ma 8, pamene anthu aweruka, mapoto ali pamoto, mawayilesi akanema ayatsidwa. Imeneyo ndiyo nthawi imene dzuwa limalowa. Chimene masola ankasenza masana chiyenera kusenzedwa ndi madzi, kapena majenereta a dizilo a ku Mapanga, Kanengo ndi Luwinga, apo ayi wina athimitsidwe.

Komabe dzuwa ndi madzi si adani, ndipo ine ndimaona kuti mwayi wa Malawi uli pamenepa. Miyezi ya Sepitembala, Okutobala ndi Novembala, pamene Wovwe wachepa ndipo Shire watsika, ndi imene kumwamba kumakhala kopanda mtambo. Miyezi ya mitambo ndi imene mitsinje imadzaza. Ngakhale pa tsiku limodzi, masola akamagwira ntchito masana, makina a madzi akhoza kupumako, madzi n'kuunjikana m'maiwe a ku Nkula ndi Kapichira kudikira madzulo. Kuti zimenezi zitheke maiwewo ayenera kukhala akuya, ndiye chifukwa chake kuchotsa matope ndi kusamala mitengo ya m'mbali mwa Shire ndi mbali ya nkhani ya sola, ngakhale sizioneka choncho. Chida china ndi batire. Ku Golomoti anaikako mabatire a mamegawati 5, otha kupereka mphamvu imeneyo kwa maola awiri, ndipo anali malo oyamba otere m'dziko muno. Chakumapeto kwa 2024 inayambika ntchito yoika mabatire a mamegawati 20 ku Kanengo, ndi thandizo la bungwe la Global Energy Alliance for People and Planet. Ena amaseka kuti mabatire otere sangayatse Lilongwe usiku wonse, ndipo akunena zoona, koma ntchito yake yaikulu si imeneyo. Batire imayankha msanga kuposa chipata cha madzi chilichonse: mtambo ukaphimba, imatulutsa mphamvu nthawi yomweyo, makina a madzi n'kupeza mpata wokwera mwa pang'onopang'ono.

Pamene akuluakulu ankakambirana zimenezi ku Lilongwe, anthu wamba a ku Karonga anali atayamba kale kuzichita pa makomo awo. Pitani pa dooko la Ngara masana. Kale asodzi a usipa ankapita usiku ndi nyali za parafini zopopa, siginala atakhala m'bwato lake laling'ono kuitana nsomba ndi kuwala, anzake akuzinga ndi chilimira. Parafini ankadya phindu, magalasi ankasweka ndi mafunde. Lero ambiri ali ndi mababu oyendera batire, ndipo masana mumapeza mabatirewo atandandalikidwa pamthunzi, mawaya atalumikizidwa ku sola yotsamira pa thandala la usipa kapena ku nyumba yotchajira. Mwini zida amadziwa batire imene yayamba kufooka, amadziwa kuti tsiku la mitambo siidzaza, ndipo pa masiku a mwezi wowala, usipa ukamakana nyali, zonse zimapuma. M'midzi yakutali ndi mapolo, masola ogula pa ngongole yolipira pa foni afika m'nyumba zambiri, ena kudzera mu thumba la Ngwee Ngwee Ngwee limene boma linakhazikitsa ndi ndalama za World Bank, ena ogulidwa kwa amalonda ochokera ku Kyela ndi Mbeya. Pamene pafika mapolo a MAREP, ntchito ya boma yofikitsa magetsi kumidzi, ambiri sachotsa sola yawo padenga. Amasunga zonse ziwiri, ndipo mbaula ya makala imakhala pakhonde.

Maphunziro owawa aliponso. Zaka za m'ma 2000 zili kumapeto, boma linayesa kuyatsa midzi ingapo ndi sola yophatikiza ndi makina a mphepo, umodzi mwa iyo Mdyaka ku Nkhata Bay. Zambiri mwa ntchitozo zinafooka mabatire atatha mphamvu, popanda thumba logulira ena. Sola imakhala zaka makumi awiri, batire imafa msanga, makamaka kotentha ngati ku Karonga, ndipo amene sanawerengere mtengo wa batire yachiwiri sanawerengere mtengo wa magetsiwo. Chigayo cha mpunga nacho si babu. Mota yake ikamadzuka imakoka mphamvu yochuluka kangapo kuposa imene imagwiritsa ikamayenda, n'chifukwa chake eni zigayo a ku Hara ndi ku Lufilya amafunabe nthambo zolimba za ESCOM.

Zikuluzikulu zimene zikuyembekezeka zonse zikuyankha funso limodzimodzilo la kusinthasintha. Nthambo za makilovoti 400 zochokera ku Matambo, m'chigawo cha Tete, kufika ku Phombeya, mtunda wa makilomita 218, cholinga chake si kugula mamegawati 50 oyambirira okha, komanso kumangiriza Malawi ku makina aakulu a ku Cahora Bassa ndi a maiko ena, kuti mtambo wa ku Salima usamagwedeze dziko lonse. Damu la Mpatamanga pa Shire, la mamegawati oposa 350, lakonzedwa kuti lizisunga madzi masana n'kuwatulutsa madzulo, ndipo World Bank inavomereza thandizo lake mu 2025. Koma zonsezi zili kumwera, ndipo Mpatamanga ili pa Shire yemweyo amene anaima zaka makumi awiri m'nthawi ya agogo athu.

Kumpoto nkhani ili pawiri. Kampani ya Lotus Resources, imene inagula Kayelekera mu 2020, inayambanso kukumba mu 2025, ndipo ikufuna kulumikiza mgodiwo ku magetsi a ESCOM kuti ichepetse dizilo. Kasitomala wamkulu chotere kumapeto kwa nthambo akhoza kukokera ndalama zolimbitsira nthambozo, akhozanso kufooketsa magetsi a ena onse ngati kulimbitsako kutachedwa. Kwinaku kuli Songwe. Mtsinjewu umasintha njira chigumula chikabwera, n'kusamutsa minda ya mabanja kuchoka dziko lina kupita lina, ndipo maiko a Malawi ndi Tanzania anayamba kukambirana za madamu pofuna kuukhazika malo amodzi. Pa mapulaniwo pali damu la mamegawati 180, ogawana pakati, 90 Malawi, 90 Tanzania, pamodzi ndi minda yothirira mbali zonse ziwiri. Damu losunga madzi kumpoto, pa mtsinje wosadalira Liwonde, ndilo lingalole kuti minda ya masola imangidwe m'chigwa cha Karonga popanda kudodometsa magetsi a chigawo chonse. Ndalama zomangira zikusakidwabe, mabanja amene adzasamutsidwe ayenera kumvedwa, ndipo nthambo za makilovoti 66 zimene zilipo sizinganyamule mamegawati 90. Amene adzamange damu la Songwe adzayeneranso kuimika nsanja zatsopano kuchokera kumalire, kudutsa Karonga ndi zitunda za Chiweta, mpaka kukafika pa Bwengu.